NeXstar, kampani yomwe idagulidwa chifukwa cha katundu wina

Mu Malichi 1999, kampani ya mankhwala ya Gilead Sciences ya ku California idalengeza kuti ikugula NeXstar Pharmaceuticals, kampani ya mumzinda wa Boulder ku Colorado, m'dziko la America. Malipiro ake adali masheya a ndalama pafupifupi $550 miliyoni. Pa nthawiyo malonda a NeXstar ankaposa a Gilead pafupifupi katatu, ndipo chomwe wogulayo ankafuna sichidali chobisika: mankhwala a AmBisome, omwe ankayenda malonda kwambiri ku Ulaya, pamodzi ndi gulu la anthu omwe ankawagulitsa kumeneko. Luso lomwe lidachititsa kuti NeXstar ibadwe, lopanga mankhwala kuchokera ku tizingwe ta RNA, lidangolowa nawo mumtolo. Pasanathe zaka zitatu Gilead idali italigawira kwa ena.

Luso limeneli lidayamba ndi funso laling'ono la mwana wasukulu. Larry Gold adali mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pa University of Colorado, ndipo labotale yake inkafufuza kavayirasi kotchedwa T4, komwe kamagwira mabakiteriya. Wophunzira wake wina, Craig Tuerk, ankafuna kudziwa chifukwa chomwe puloteni ina ya kavayirasika imakakamira pamalo amodzi okha a RNA yake. RNA, ngati DNA, ndi chingwe cholukidwa ndi zilembo zinayi. Njira yodziwika nthawi imeneyo idali kusintha chilembo chimodzichimodzi n'kumaona chomwe chichitike, ntchito yotha zaka. Tuerk adachita zosiyana. Adatenga malo a zilembo 8, n'kulola kuti chilembo chilichonse mwa zinayi zija chigwere paliponse, ndipo mu kabotolo kamodzi mudapezeka mitundu 65,536 ya tizingwe. Adathiramo puloteni ija, n'kusunga tomwe tagwira, totsalato n'kutaya. Tomwe tagwirato adatichulukitsa ndi PCR, njira yokopera DNA yomwe idali itangofala kumene, n'kubwerezanso. Atabwereza kangapo mudatsala mitundu iwiri: umodzi udali womwe kavayirasi kamagwiritsa ntchito kale, winawo udali wachilendo, wosiyana ndi woyambawo pa zilembo zinayi, koma wogwira mwamphamvu chimodzimodzi.

Chingwe chachiwiricho ndicho chidatsegula maso a Gold. Ngati m'mitundu 65,536 yokha mungatuluke chingwe chomwe chilengedwe sichidasankhe koma chogwira ntchito yomweyo, nanga m'mitundu mabiliyoni osawerengeka mungatuluke zotani? Chingwe cha RNA chimadzipinda molingana ndi zilembo zake, ndipo chilichonse chimakhala ndi kaumbidwe kakekake. Zikachuluka kwambiri, payenera kupezeka china chomwe chikukwana ndendende pathupi la puloteni iliyonse yomwe munthu angasankhe. Ntchito yake ili ngati ya mayi wopeta: mphale ndi madeya zili pamodzi m'lichero, iye sasankha njere imodziimodzi, amangopeta n'kupetanso mpaka zotsala zikhale zomwe akufuna. Tuerk ndi Gold adasindikiza zotsatira zawo m'magazini ya Science mu Ogasiti 1990 ndipo njirayo adaitcha SELEX. Mwezi womwewo Andrew Ellington ndi Jack Szostak a ku Massachusetts General Hospital ku Boston adalemba mu Nature za njira yofanana nayo, yomwe adaipeza paokha posankha RNA yogwira utoto. Dzina loti aptamer, lotchulira tizingwe tosankhidwa motere, lidachokera kwa awiriwa.

Chifukwa chomwe anthu a ndalama adatcherera khutu n'chosavuta kumva. Mankhwala ambiri amagwira ntchito pokakamira puloteni imodzi m'thupi n'kuilepheretsa kuchita zomwe imachita. Vuto lalikulu la ofufuza mankhwala ndi kupeza chinthu chogwira puloteni yoyenera mwamphamvu popanda kukhudza zinzake zofanana nayo. Makampani ankayesa makemikolo zikwizikwi limodzilimodzi, kapena ankabaya mbewa kuti matupi ake apange ma antibody, omwe pa nthawiyo thupi la munthu linkawakana kawirikawiri. SELEX inkalonjeza kuyesa tizingwe tochuluka ngati 1 wotsatiridwa ndi maziro 14 kapena 15 nthawi imodzi, mu kabotolo kamodzi, m'milungu yowerengeka, popanda nyama. Chingwe chopambanacho chimawerengedwa zilembo zake n'kumapangidwa ndi makina, monga kemikolo ina iliyonse.

Gold sadali mlendo pa za makampani. Mu 1981 adali m'gulu la omwe adayambitsa Synergen, ku Boulder komweko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adayambitsa NeXagen, kampani yoti isandutse SELEX kukhala mankhwala, ndipo mu 1992 utsogoleri wa tsiku ndi tsiku udapita kwa Patrick Mahaffy, yemwe adachokera ku kampani ya ndalama ya Warburg Pincus. Chuma chenicheni cha NeXagen chidali mapatenti. Adalembedwa motambalala, moti kwa zaka pafupifupi 20 aliyense wofuna kugulitsa mankhwala opezeka mwa njirayi ankayenera kugogoda pakhomo la mwini mapepalawo. Ine ndimaona kuti mpanda umenewu udateteza kampani n'kuchedwetsa ntchito. Ma antibody ankafufuzidwa ndi makampani ambirimbiri opikisana, aliyense akuphunzira pa zolakwa za mnzake, pomwe ma aptamer adakulira m'mabwalo ochepa.

Kupeza chingwe chogwira puloteni kudakhaladi kosavuta monga adanenera. Zovuta zidali m'thupi la munthu. Magazi ali ndi ma enzayimu odula RNA, ndipo chingwe chosatetezedwa sichikhalitsamo ngakhale mphindi zochepa. Chikapulumuka pamenepo, impso zimachisefera mumkodzo chifukwa n'chaching'ono. Kulowa m'kati mwa selo sichitha, choncho mapuloteni okhawo omwe ali kunja kwa maselo kapena pakhungu lake ndi omwe chingawafikire. Akatswiri a ku Boulder adatha zaka akulimbana ndi zimenezi. Pa zilembo zina adaikapo fluorine, pa zina kagulu ka methyl, kuti ma enzayimu asapeze pogwira. Kumapeto kwa chingwe adatsekako ndi chilembo chotembenuza. Kenako adamangirirako PEG, chinthu chachitali cholemera chomwe chimakulitsa mankhwala kuti impso zisawataye msanga. Ma aptamer ambiri omwe afika kwa odwala avala zovala zomwezi.

Koma zonsezi zinkadya ndalama popanda kubweretsa kalikonse. Mu 1995 NeXagen idaphatikizana ndi Vestar, kampani ya ku San Dimas ku California, ndipo dzina latsopano lidakhala NeXstar. Vestar inkadziwa luso lina losakhudzana n'komwe ndi RNA, lokutira mankhwala aukali m'timipira ta mafuta totchedwa liposome. Amphotericin B ndi mankhwala akale opha fangasi, amphamvu koma owononga impso ndi magazi. Atawakutira m'timipira timeneti adakhala AmBisome, omwe wodwala angathe kulandira ochuluka popanda kuvulala kwambiri. Ku Ulaya ankagulitsidwa kuyambira cha m'ma 1990, ndipo bungwe la FDA lidawavomereza ku America mu 1997, komwe ankagulitsidwa mothandizana ndi kampani ya ku Japan ya Fujisawa. Padalinso DaunoXome, ovomerezedwa mu 1996 pa khansa ya pakhungu ya Kaposi mwa odwala Edzi. Kuyambira pamenepo, timipira ta mafuta ta ku California ndi tomwe tinkalipira ofufuza RNA a ku Colorado.

Apa ndi pomwe mbiri ya kampaniyi imakhudza kwathu, ndipo sikuti imatikhudza kudzera mwa aptamer. Matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi ya Cryptococcus ndi amodzi mwa omwe amapha kwambiri anthu omwe HIV yafooketsa chitetezo chawo. Kafukufuku wotchedwa AMBITION, yemwe adachitikira ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, kuphatikizapo zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, adalemba odwala 844. Adafananitsa dripi imodzi yokha ya AmBisome yochuluka, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa milungu iwiri, ndi chithandizo chakale cha masiku 7 a dripi ya amphotericin wamba. Pakutha pa milungu 10, omwalira adali 24.8 pa 100 alionse m'gulu la dripi imodzi ndi 28.7 m'gulu linalo, ndipo mavuto a impso ndi kuchepa kwa magazi adali ochepa mwa a dripi imodzi. Zotsatirazi zidatuluka mu 2022, ndipo chaka chomwecho bungwe la WHO lidaika njirayi patsogolo m'malangizo ake. Namwino wa ku Queen Elizabeth yemwe wamangirira dripi yachikasu imeneyi wagwira katundu yemwe adapulumutsa NeXstar ku umphawi.

Ku Boulder, ntchito yomwe idapita patali kwambiri idali yolimbana ndi VEGF, puloteni yomwe imauza thupi kuti limeretse mitsempha yatsopano ya magazi. Gulu la Nebojsa Janjic lidapeza chingwe cha zilembo zosakwana 30 chogwira mtundu umodzi wa puloteniyi, VEGF165, ndipo adachipatsa nambala NX1838. Poyamba maganizo adali pa khansa, popeza chotupa sichikula popanda mitsempha yochidyetsa. Koma diso lidaoneka malo abwino koposa. Mwa okalamba ena mitsempha yosalimba imamera kuseri kwa retina n'kumadontha, ndipo pakatikati pa zomwe munthu akuyang'ana pamachita mdima. Si ng'ala yomwe madokotala amachotsa ndi opaleshoni, awa ndi matenda a kuseri kwa diso otchedwa macular degeneration. Diso ndi kachipinda kotsekeka: mankhwala ochepa kwambiri amakwana, impso zili kutali, ndipo mtengo wopangira chingwecho suvuta. NeXstar idayamba kuyesa NX1838 pa anthu itatsala pang'ono kugulitsidwa.

Gilead idali ndi maso pa HIV ndi matenda a chiwindi, choncho idayamba kugawa katundu wa womwalira. Mu 2000 idapereka NX1838 kwa Eyetech Pharmaceuticals, kampani yatsopano ya ku New York yotsogozedwa ndi dokotala wa maso David Guyer. Mu 2001 ufulu wopanga mankhwala ena onse kudzera mu SELEX udapita kwa Archemix ya ku Cambridge, Massachusetts. Kumapeto kwa chaka chomwecho nthambi ya khansa pamodzi ndi antchito a ku Boulder idagulitsidwa kwa OSI Pharmaceuticals. Gold adali atatenga kale gawo lake, lomwe ena onse ankaliona ngati losafunika: ufulu wogwiritsa ntchito ma aptamer poyeza matenda. Mu 2000 adayambitsa nalo SomaLogic.

Eyetech idagwirizana ndi Pfizer mu 2002. Pa kafukufuku wamkulu wa odwala pafupifupi 1,200, mwa omwe ankabayidwa NX1838 m'diso milungu 6 iliyonse, 70 pa 100 alionse sadataye zilembo zofika 15 pa bolodi loyezera maso pakutha pa chaka, pomwe mwa osalandira adali 55. Mu Disembala 2004 FDA idavomereza mankhwalawa, omwe tsopano ankatchedwa pegaptanib, dzina la malonda Macugen. Adali aptamer woyamba kukhala mankhwala, komanso mankhwala oyamba otsekereza VEGF m'diso, patapita zaka 14 kuchokera pa kabotolo ka Tuerk. Jakisoni mmodzi ankagulidwa pafupifupi $1,000. Mu 2005 OSI idagula Eyetech pa $935 miliyoni.

Ogula masheya a OSI adakwiya, ndipo sadalakwe. Chaka chomwecho Genentech, kampani yomwe Napoleone Ferrara adapezerako VEGF mu 1989, idaonetsa zotsatira za Lucentis, kachidutswa ka antibody kogwira mitundu yonse ya VEGF-A. Odwala pafupifupi 95 pa 100 alionse adasunga maso awo pa muyezo womwe uja, ndipo mmodzi mwa atatu alionse adayamba kuona bwino kuposa kale, chinthu chomwe Macugen sankachita kwa ambiri. Ku Miami, dokotala Philip Rosenfeld adali atayamba kale kubaya m'maso kadontho ka Avastin, mankhwala a khansa a kampani yomweyo, pa mtengo wochepa zedi. Lucentis adavomerezedwa mu Juni 2006 ndipo malonda a Macugen adagwa chagada. Mu 2012 kampani ya Valeant idagula zotsala za Eyetech polipira $22 miliyoni poyambira.

Anthu ambiri adatengapo phunziro loti aptamer wagonja kwa antibody. Sindikugwirizana nazo kwenikweni. Macugen adachita ndendende zomwe adapangidwira: adagwira VEGF165 n'kusiya mitundu ina, poganiza kuti mitunduyo thupi likuifuna. Kusankha bwino komwe a ku Boulder ankanyadira ndi komwe kudawagwetsa, chifukwa mitundu yosiyidwayo inkapitiriza kudonthetsa mitsempha. Cholakwika chidali pa kumvetsa matendawo. Komabe msika sufunsa zimenezo, ndipo zaka zotsatira sizidathandize. Mu 2014 kampani ya Regado Biosciences idaimitsa kafukufuku wamkulu wa aptamer woletsa magazi kuundana, wopangidwa ndi ofufuza a ku Duke University, odwala oposa 3,000 atalowa kale, chifukwa ena matupi awo adawakana moopsa. Pofufuza zidaoneka kuti anthuwo adali ndi ma antibody olimbana ndi PEG, chovala chija, osati chingwe chenichenicho. Zidali zomvetsa chisoni chifukwa mankhwalawa adali ndi nzeru yomwe antibody sangakhale nayo mosavuta: chingwe chachiwiri cha zilembo zogwirizana ndi choyamba, chomwe dokotala akachibaya chimamata choyambacho n'kuchizimitsa m'mphindi zochepa. Mu Disembala 2016 Fovista wa kampani ya Ophthotech, aptamer winanso wa m'diso yemwe mizu yake idali ku NeXstar, adalephera pa gawo lomaliza la kafukufuku.

Ophthotech idatsala ndi chingwe china m'kabati, chomwe idatenga kwa Archemix mu 2007, chogwira puloteni ya chitetezo cha m'thupi yotchedwa C5. Itasintha dzina kukhala Iveric Bio idachiyesa pa mtundu wouma wa matenda a retina aja, womwe maselo amangofa pang'onopang'ono. Mu Ogasiti 2023 FDA idavomereza chingwechi ndi dzina loti Izervay, aptamer wachiwiri, patatha zaka pafupifupi 19 kuchokera pa woyamba. Sabwezeretsa maso, amangochedwetsa kukula kwa bala. Mwezi umodzi izi zisanachitike, kampani ya ku Japan ya Astellas idali itamaliza kugula Iveric Bio pa $5.9 biliyoni. Astellas imeneyi idabadwa mu 2005 pamene Fujisawa, yomwe inkagulitsa AmBisome ku America, idaphatikizana ndi Yamanouchi, ndipo ndi yomwenso idagula OSI mu 2010. Anthu a m'munda umenewu ndi ochepa, amangosinthana mipando.

Gawo lomwe Gold adanyamula ndi lomwe lasintha kwambiri kafufuzidwe ka mankhwala, ngakhale lidatenga zaka 10 lisanaonetse chipatso. Cholinga cha SomaLogic chidali kuyeza mapuloteni zikwi zambiri nthawi imodzi m'kadontho ka magazi. Poyamba zinkakanika, chifukwa pa mapuloteni ambiri SELEX sinkatulutsa chingwe chogwira mokwanira. Antibody amalukidwa ndi mitundu 20 ya ma amino acid, ina yamafuta, ina yamagetsi, pomwe DNA ili ndi zilembo zinayi zofananafanana. Yankho lidachokera ku ntchito ya katswiri wa makemikolo Bruce Eaton ndi anzake: pa chilembo chimodzi adamangirirapo timagulu tofanana ndi mbali za ma amino acid, monga benzyl, kuti chingwe chikhale ndi zala zogwirira malo amafuta a puloteni. Adawonjezanso kusankha tizingwe tochedwa kusiya tikagwira, kuti pochapa, togwira mwangozi tichoke, toyenera titsale. Tizingwe timeneti adatitcha SOMAmer.

Nzeru yake yagona poti chingwe chilichonse ndi chogwirira komanso chizindikiro. Chikagwira puloteni yake m'magazi, puloteniyo imatayidwa, n'kuwerenga DNA yotsalayo, ndipo kuwerenga DNA ndi ntchito yomwe makina amaidziwa kale bwino. Mu 2010 adalengeza kuti atha kuyeza mapuloteni 813 nthawi imodzi. Chiwerengerocho chidakwera kufika pafupifupi 5,000, kenako 7,000, ndipo mu 2023 chidafika pa 11,000.

Phindu lake kwa opanga mankhwala limaoneka pa nkhani ya torcetrapib. Awa adali mankhwala a Pfizer okweza mafuta abwino m'magazi, omwe adaimitsidwa mu Disembala 2006 pa kafukufuku wa anthu pafupifupi 15,000 zitaoneka kuti omwa mankhwalawo akumwalira kuposa anzawo. Patapita zaka, ofufuza a SomaLogic ndi Pfizer adatenga magazi omwe adasungidwa pa kafukufukuyo n'kuwayeza, ndipo mu 2018 adasindikiza kuti kusintha kwa mapuloteni kosonyeza ngozi kunkaoneka kale pa mwezi wachitatu. Kulosera zomwe zidachitika kale n'kosavuta, ndipo m'pofunika kuti owerenga akumbukire zimenezo, koma njira idaoneka. Ntchito ina ndi yolumikiza majini ndi mapuloteni. Mu 2018 ofufuza a ku Cambridge ku England adayeza magazi a anthu 3,301 opereka magazi, ndipo mu 2021 kampani ya deCODE idachita zomwezo pa anthu 35,559 a ku Iceland ndi ma aptamer 4,907. Ngati anthu obadwa ndi jini yochepetsa puloteni inayake sadwaladwala matenda ena, ndiye kuti puloteniyo ndi yoyenera kuipangira mankhwala, ndipo kampani ikhoza kudziwa zimenezi isanawononge zaka 10. Chofooka chake n'chakuti anthu oyezedwa m'makafukufuku akuluakuluwa ambiri ndi azungu, pomwe majini a anthu a mu Africa ndi osiyanasiyana kuposa a anthu ena onse.

Pali vuto linanso lomwe silidathe. Kampani ya Olink ya ku Uppsala ku Sweden imayeza mapuloteni ambiri ndi ma antibody, ndipo magazi omwewo akayezedwa ndi njira zonse ziwiri, pa mapuloteni ambiri zotsatira sizigwirizana bwino. Nthawi zina jini imasintha kaumbidwe ka malo omwe chingwe chimagwira, chingwe n'kulephera kugwira, makina n'kunena kuti puloteni yachepa pomwe ilipo yonse. Ofufuza osamala amatsimikiza ndi njira yachiwiri asanakhulupirire.

Pa za ndalama, SomaLogic idatsata mapazi a kholo lake. Idalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq mu Seputembala 2021, nthawi yomwe ndalama zinkasefukira m'makampani a sayansi, kenako mtengo wa masheya ake udatsika kwambiri. Mu Januwale 2024 idaphatikizana ndi Standard BioTools, ngakhale Gold mwiniwake adatsutsa mgwirizanowo mpaka kukhoti. Olink idagulidwa ndi Thermo Fisher chaka chomwecho pa $3.1 biliyoni. Mu Juni 2025 Illumina, kampani yaikulu yopanga makina owerengera DNA, idalengeza kuti igula SomaLogic pa $350 miliyoni, ndi zina zokwana $75 miliyoni ngati malonda atayenda bwino. Kwa Illumina, puloteni iliyonse yoyezedwa ndi SOMAmer ndi DNA inanso yoti iwerengedwe pa makina ake.